Bambo Amene Anatuluka m'Kompyuta Yanga

1

Dzina langa ndine Jeffrey, koma mukafika pa Mangochi Boma n'kufunsa dzina limenelo, anthu adzangoyang'anizana. Funsani kuti, "Wodzutsa Akufa amapezeka pati?" Wakabaza aliyense adzakutulani pakhomo pa kasitudiyo kanga, kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wogulitsa matayala akale a njinga.

Dzinalo sindinadzipatse ndekha, koma sindinalikanenso. Ntchito yanga ndi ya zithunzi zakale. Kuno kwathu chithunzi sichikhalitsa. Dzuwa limachidya, chinyontho n'kumaliza zotsalazo, ndipo pakatha zaka makumi awiri agogo anu amene anajambulitsa atatchena suti amasanduka mtambo wachikasu wovala nsapato. Ndiye anthu amabwera nacho kwa ine. Ndimachiika pa sikana, n'kuchilowetsa mu laputopu, n'kuyamba kuchinyengerera: kuchepetsa chikasu, kubwezera mdima pamene panali mdima, kukweza kuwala pang'onopang'ono mpaka diso lisiyane ndi chikope. Ena ankati ndi matsenga. Ine ndinkangomwetulira, pajatu matsenga amakoka makasitomala kuposa satifiketi.

Ndinalinso ndi kamawu kanga kamene ndinkauza aliyense: "Kompyuta sinama. Ine sindiwonjezera kanthu, ndimangotulutsa zimene zinalimo kale."

Kamawu kameneko ndi kamene kanandiphera ukwati. Tcherani khutu, sindibisa kanthu, ngakhale zina ndizichedwetsa chifukwa cha manyazi.

2

Celestina anali mphunzitsi wa ku Malindi. Tsiku loyamba anabwera kudzajambulitsa tizithunzi ta chiphaso, ine n'kumujambula kasanu ndi kawiri ndikumunamizira kuti waphethira. Anazindikira pa kachitatu, koma anangokhala pampandopo ndithu. Patapita zaka ziwiri, ankhoswe anagwirizana kuti chinkhoswe chathu chichitike Loweruka lina mu Ogasiti, kwawo ku Malindi.

Kutatsala milungu iwiri analowa mu situdiyo atafungatira kanthu m'chitenje.

"Jeff, ndakubweretsera ntchito. Koma iyi si ya makasitomala ako aja ayi."

Inali felemu yaing'ono, matabwa ake ofumbwa. M'katimo munali mayi atakhala pampando, ndi bambo ataima atanyamula khanda. Chonsecho chinali chitafwifwa mbuu. Mayiwo ankaonekabe pang'ono chifukwa anali pamthunzi, koma bambowo dzuwa linawamenya kumaso, moti nkhope yawo inangotsala kachigamba kotuwa kokhala ndi timadontho tiwiri pamene panali maso.

"Awa ndi bambo anga, a Simioni. Kamwanaka ndine. Mwera unawapeza pakati pa nyanja ndili ndi zaka zitatu, ndipo chithunzi chawo pa dziko lonse lapansi n'chokhachi. Ndakula ndikuyang'ana timadonthoti." Anandipatsa felemuyo. "Ndikufuna pa chinkhoswe chathu akakhale pampando wawo. Ndiwaone nkhope kamodzi kokha, Jeff. Ungathe?"

"Amayi akudziwa kuti wachitenga?"

"Ndawauza kuti ndikukasinthitsa felemu. Zinazo akaone konko, akadzidzimuke."

"Izi n'zazing'ono," ndinatero ndikudziguguda pachifuwa. "Ine ndadzutsapo asilikali a nthawi ya atsamunda. Bambo ako ndi a dzulodzuloli. Ubwere Lachisanu."

Linali Lachiwiri masana. Atatuluka ndinatseka chitseko kuti fumbi la mumsika lisalowe, n'kuika felemuyo patebulo. Zimene zinachitika patebulo limenelo ndikuuzani, koma osati panopa.

3

Lachisanu anabwera akuchokera kusukulu, choko chidakali m'zala. Ndinali nditachikuza chithunzicho kufika msinkhu wa kalendala, n'kuchiika mu felemu yonyezimira. Kachithunzi kakale kaja ndinati ndakasunga bwino mu envelopu kuti kasaonongekenso. Sanakafunse n'komwe.

Anayang'ana dwii, osaphethira, ndipo ulendo uno sindikunama. Chitenje cha amayi ake chinali chitabwerera maluwa ake ofiira. Malaya a bambowo anali oyera mbee. Pamwamba pa malayawo panali nkhope ya mwamuna wooneka bwino, wa mphumi yotakata ndi chibwano chokhala ndi kadzenje pakati.

Celestina anakweza chala n'kugwira chibwano chake.

"Mayo ine! Kadzenje kangaka! Jeff, taona mphumiyi. Kusukulu ankandiseka kuti ndi bwalo la mpira, osadziwa kuti ndi ya bambo anga!"

Analira mpaka telala anasuzumira kuti aone ngati kwagwa maliro. Kenako anandikumbatira n'kunena mawu amene mwamuna aliyense amafuna kumva: "Iwe ndiwe munthu woti sungandinamize."

Ine mtima unakhala m'malo. Ndinagula fanta ziwiri, n'kumamufotokozera mwaukatswiri mmene ndinalimbanirana ndi chikasu masiku atatu. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku limenelo ndinali mbuzi yonenepa kwambiri mu Mangochi monse.

4

Chinkhoswe chinadzaza. Amayi a kwaya analipo, asodzi okalamba amene ankakoka ukonde wa chilimira ndi malemu analipo, ndipo kuchokera ku Chowe kunabwera azakhali a Matilda, mlongo wawo wa a Simioni, mayi woti akakuyang'ana umayamba kupepesa usanadziwe cholakwa chako.

Anabweretsa atsikana anayi atawafunditsa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti ndilozepo wanga. Ndinaloza kamodzi n'kamodzi, ndinamudziwira kachala kopindika ka kuphazi. Nthungululu zinalira. Wina anakuwa kuti, "Amenewa ndiye maso a wojambula!" Ankhoswe anapatsana tambala ndi msoti, zonse zikuyenda myaa.

Kenako Celestina anatenga maikolofoni.

"Pali mlendo mmodzi amene sitinamulonjere," anatero. Analoza mpando umene unali pafupi ndi amayi ake, pamene panatsamira chinthu chovundikira ndi nsalu. "Bambo anga sakanaphonya tsiku la lero."

Anavundukula. Anthu anaombera m'manja, makamaka achinyamata. Koma ndinaona kuti okalamba aja manja awo anaima m'malere.

Azakhali a Matilda ananyamuka, navala magalasi, nawerama pa chithunzicho ngati akusankha miyala mu mpunga.

"Uyu ndani?"

"Ndi bambo, azakhali."

"Bambo ake a ndani? Ine Simioni ndinamubereka kumsana kuno. Anali ndi mano otuluka, ndipo khutu lakumanzere linang'ambika ndi mbedza. Uyu si Simioni."

Mkulu wina wa asodzi aja anayandikira ndi ndodo yake. Anapendeketsa mutu uku ndi uku.

"Aaa! Koma abale, uyu si Che Jaffalie uja ankabwera kudzagula usipa pano ndi pikapu yobiriwira? Ndi yemweyo! Masiku ano ali ndi golosale ku Boma."

Kenako maso onse anayamba ulendo: kuchoka pa chithunzi kupita pa chibwano cha Celestina, kuchoka pa chibwano kubwerera pa chithunzi.

Azakhali anatembenukira kwa ine. "Inu bambo a makina, tatiuzani. Mwachita chiyani apa?"

Abale owerenga, khomo linali lotsegula. Ndikanangoti, "Pepani, ndalakwitsa ndine," ndikanachoka ndi manyazi koma ndi mkazi. Koma pagulupo panali makasitomala anga osachepera khumi, ndipo pakamwa pali ndi chizolowezi chake. Ndinangomva mawu akutuluka okha:

"Kompyuta sinama, amayi. Ine ndimangotulutsa zimene zinalimo kale."

"N'zoona zimenezo," anavomereza mayi wina wa kwaya. "Agogo anga anawatulutsa ndendende, ndi chipsera chomwe."

Azakhali anavula magalasi aja pang'onopang'ono n'kuyang'ana amayi ake a Celestina.

"Alamu, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukupukuta fumbi pa Jaffalie, ife mukutiuza kuti ndi malemu? Ine ndinanena kalekale, anthu n'kumati Matilda ndi wamiseche."

Ndinadikira kuti apongozi anga akuwe, anditukwane, anene kuti ndi bodza. Iwo ndiwo ankadziwa bwino kuposa aliyense amene anaima nawo tsiku lojambulitsalo. Koma anangondiyang'ana ine kwa nthawi yaitali, namanga chitenje, nalowa m'nyumba. Celestina anawatsatira akuthamanga. Posakhalitsa anthu anabalalika, pabwalo n'kutsala mipando, tambala womangidwa miyendo, ndi ine.

5

Tsopano ndikuuzeni za Lachiwiri lija.

Lamulo loyamba la ntchito yathu ndi lakuti chithunzi chakale usachichotse mu felemu usanachijambule kaye kapena kuchiika pa sikana ndi galasi lake lomwe. Chifukwa chake n'chakuti chinyontho chimamata chithunzi ku galasi ngati ulimbo. Lamuloli ndinkalidziwa, ndinkaphunzitsanso ena. Koma ndinkaona ngati ndi la ongoyamba kumene, osati la Wodzutsa Akufa.

Ndinazula timisomali, n'kugwira pangodya, n'kukoka. Ndinangomva kuti pwee!

Pepala linabwera m'manja mwanga. Mayi analipo, khanda linalipo, malaya analipo. Koma nkhope ya a Simioni inatsalira pa galasi, tizidutswa totuwa ngati mamba a usipa. Ndinayesa kutitola ndi lezala, tinangosanduka fumbi. Timadontho tiwiri tija, timene makina akanatha kutsatira n'kutulutsa maso, mphuno, mwina ndi mano otuluka aja, tinathera pa nsonga ya chala changa.

Ndinatuluka thukuta mpaka m'masokosi. Kenako nzeru za wakuba zinabwera. Mu laputopu yanga muli zithunzi za makasitomala mazanamazana, sindifufuta. Ndinadzifunsa kuti, kodi bambo amaoneka bwanji? Amafanana ndi mwana wake, basi. Ndinaika chithunzi cha Celestina mbali imodzi, n'kuyamba kusanthula amuna onse a zaka zimenezo, mmodzimmodzi, kufunafuna mphumi ndi chibwano. Ndinamupeza m'zithunzi za kasitomala wina, Sameer, amene chaka chatha anabweretsa kachithunzi ka pa laisensi yakale ya bambo ake kuti ndikakuze. Bambowo sindinkawadziwa, ngakhale dzina. Ndinawavula kofia, n'kuwadula m'khosi, n'kuwaika pa malaya a malemu. Ndinafananitsa kuwala, n'kuthira timadontho ta ukalamba kuti khungu ligwirizane ndi manja. Kunena zoona, m'moyo wanga wonse sindinagwirepo ntchito yaukhondo ngati imeneyo.

Galasi lija ndinalipukuta ndi spiriti mpaka linawala, kuti pasatsale umboni.

Ndiye mukuona kuti pa chinkhoswe paja ndinapachika mayi wosalakwa kuti nditeteze dzina la situdiyo. Masiku atatu Celestina sankayankha foni. Lachitatu m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Malindi kuti ndikaulule, ndikayeretse dzina la apongozi anga.

6

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutembenuza usipa pa thandala. Ndinagwada pamchenga wotentha.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Chithunzi chija..."

"Anakuuzani ndani?" Sanatembenuke.

"Amayi?"

"Ndikufunsa kuti anakuuzani ndani. Amene tinkadziwa tinali atatu. Mmodzi ali m'nyanja, wina analumbira kuti sadzatsegula pakamwa, wachitatu ndine. Ndiye inu munazitenga kuti? Ngati simunkamufuna mwana wanga, bwanji osangomusiya mwaulemu?"

M'mutu mwanga munangoti balala. Ndinakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Amayi, palibe anandiuza kanthu. Ine ndinang'amba nkhope ya malemu mwangozi. Ndiye ndinangofuna munthu wofanana ndi Celestina."

Apa ndiye anatembenuka. Ndinafotokoza zonse, lezala, spiriti, kofia. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka. Sikunali kuseka kwabwino.

"Ndiye mukuti munasanthula amuna onse a mu Mangochi, n'kusankha yekhayo? Ha! Koma ntchito mumaidziwa, bambo."

Anapukuta manja pa chitenje n'kukhala pa chidebe.

"Chaka chimenecho a Simioni anapita kukapha nsomba ku Makanjira, anakhalako miyezi isanu ndi itatu osabwera. Ine ndinali mtsikana, ndinapusa. Atabwera anandipeza ndili ndi pakati. Anawerenga miyezi pa zala, n'kupita kukasoka ukonde masiku atatu. Ndinali nditamanga kale katundu wanga. Tsiku lachinayi anabwera n'kumasula mtolowo okha. Mwana atabadwa, alongo awo aja anayamba kuyendetsa pakamwa. Ndiye tsiku lina anaimitsa wojambula wa panjinga, navala malaya awo a kutchalitchi, n'kunena kuti, 'Bwera naye kuno ndimunyamule. Tijambulitse, tikapachike pabalaza, aliyense wolowa aziona kuti mwanayu ndi wa Simioni.' Chithunzi chimenecho chinatseka pakamwa pa Matilda zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Inu mwachitsegula ndi masana amodzi."

"Tikhoza kuwauza anthu kuti ndinalakwitsa ndine, amayi. Ndikaima m'tchalitchi, ndikanena."

"Mukanene. Nanga chibwano cha mwana wanga mukachifufutanso ndi spiriti? Anthu aona kale. Ndipo mwiniwake Celestina ndinamuuza dzulo. Ndimati mukudziwa, ndiye ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine."

Pamenepo chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Celestina anali ataima pamenepo, sindikudziwa kuyambira liti. Maso anali otupa koma ouma.

"Kachithunzi kakale kaja kali kuti, Jeffrey?"

Sanandiitanepo Jeffrey chiyambire. Ndinatulutsa envelopu m'thumba la malaya. Anasolola kapepalako n'kuyang'ana chibowo choyera pamwamba pa malaya a bambo ake.

"Amene anandiberekawo ndikhoza kukawaona mawa, ndingokwera minibasi n'kukagula sopo pa golosale yawo. Sindikuwafuna. Ine ndimafuna awa, amene anandinyamula akudziwa." Anabweza kapepalako mu envelopu mosamala. "Ndinali ndi timadontho tiwiri. Tinali tanga. Ukadzandibwezera nkhope ya bambo anga, udzabwere ndi ankhoswe ako. Usanatero, njira ya ku Malindi uyiiwale."

7

Musaganize kuti ndinangokhala. Miyezi inayi ndinayenda m'madoko onse, kufunsa ngati pali amene ali ndi chithunzi cha ukwati, cha maliro, cha mpira, chilichonse chimene Simioni anadutsamo ngakhale kumbuyo. Palibe. Ku Chowe azakhali a Matilda anandithamangitsa ndi tsache.

Pamapeto pake ndinanyamula laputopu kupita kwa asodzi okalamba aja. Ndinati, "Ndiuzeni mmene analili, ine ndizimumanga." Wina anati mphuno inali yaikulu, wina anati ayi, yaikulu inali ya mng'ono wake. Anagwirizana pa mano ndi khutu basi. Ndinamanga nkhope zitatu, n'kupita nazo kwa apongozi anga aja tsiku limene Celestina anali kusukulu.

"Amayi, tangolozani imene yayandikira. Ndikonza pamene mungandiuze."

Anaziyang'ana nthawi yaitali, imodzi ndi imodzi. Kenako anatseka maso.

"Kale ndinkati ndikayang'ana timadontho tija, nkhope yonse inkabwera yokha," anatero. "Panopa ndikatseka maso kuti ndiwaone a Simioni, malaya akubwera, manja akubwera, mwana akubwera. Koma pamwamba pakubwera Jaffalie wanu uja. Sindikuwakumbukanso, bambo. Tsekani makina anuwo."

Ndinatseka.

Bizinesi, mukafuna kudziwa, ikuyenda kuposa kale. Mbiri inafala kuti laputopu yanga imatulutsa bambo weniweni, moti amuna amabwera mozemba ndi zithunzi za ana awo n'kundinong'oneza kuti, "Aise, tawonjezera mdimawo tione bwinobwino." Ndimawabweza, ndipo akamatuluka amakhala otsimikiza kuti ndaona kanthu koma ndikubisa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ena mwa inu mukuti ndinathandiza, choonadi chinatuluka. Sungani mawu amenewo. Choonadi chimenecho mwamuna wina anachidziwa yekha, nachiyeza, naona kuti mwana ndiye wolemera kuposa icho. Ine sindinachitulutse chifukwa chokonda chilungamo ayi, ndinkangothawa mawu awiri, akuti "ndaononga ndine." Mukaswa chinthu cha mwini, chitengeni chili chosweka chomwecho mukamuonetse tsiku lomwelo. Adzakalipa, mwina adzalira, koma zidutswazo zidzakhala zake.

Celestina anapempha kusamutsidwa, akuphunzitsa ku Makanjira tsopano. Ndinamva kwa mnzake kuti kachithunzi kong'ambika kaja anakaika mu felemu, kali pakhoma pabalaza, ndi chibowo chake chomwecho. Mlendo akafunsa kuti ameneyo ndani, amayankha kuti, "Ndi bambo anga, a Simioni."